Ndalama za chaka chino: ngalande kapena mitengo pa Soche?

Mlembi: Abale nonse, Loweruka tinabalalika osamanga mfundo. Zomwe tasonkha zikwanira ntchito imodzi basi: ngalande yamiyala kumtunda kwa msika wa Chilobwe, kapena mitengo ndi udzu wa vetiva m'mbali mwa phiri la Soche. Mvula ili pafupi, tiyeni tiyankhulepo.

Achimwene a ku Joni: Mitengo basi. Chinagumula Soche mu Malichi 2023 si namondwe Freddy yekha, ndife ndi nkhwangwa zathu ndi makala. Ngalande ingaimitse mwala waukulu ngati minibasi?

Mayi msungichuma: Achimwene, inu mukuyankhulira ku Johannesburg. Tinadzala kale mbande, tinajambulitsa, zithunzi zili pa Facebook mpaka lero. Pofika Ogasiti mbuzi zinali zitadya, zotsalazo moto wa osaka mbewa unamaliza. Kudzala aliyense amabwera, nanga wothirira ndi wolambula ndani?

Agogo a kumtunda: Ana anga, ngalande kwathu inalipo. Inali itadzaza majumbo, matewera a ana ndi mchenga, madzi n'kungokhotera m'nyumba, matope mpaka m'chiuno. Ndinatuluka ndi chitenje chimodzi. Anatipulumutsa ndi mnyamata wina amene ankamenya zitseko akukuwa kuti phiri likubwera.

Aphunzitsi: Agogo agunda pomwepo. A zanyengo anachenjeza pa wailesi namondwe asanafike, koma ndani ankadziwa kothawira usiku? Namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023, kenako chilala cha El Niño mu 2024. Zimenezi zizibwerabe. Tipatule pang'ono tigule mawenzulo, matochi ndi chimkuzamawu, tikhale pansi ndi amfumu ndi a khonsolo tisankhiretu malo othawirako, aliyense awadziwe, ngakhale mwana wa sitandade 1.

Achimwene a ku Joni: Ndiye nkhani ya mitengo mwaikwirira?

Mayi msungichuma: Ayi ndithu. Tiyambe ndi vetiva ndi nsungwi, mizu yake imagwira dothi. Koma pakhale anyamata awiri olipidwa oti azisamalira mpaka mvula ya chaka chamawa, ndiponso tsiku limodzi pamwezi tonse tizikafukula ngalande yakale ija. Popanda zimenezo ine sindisayina.

Mlembi: Tamva. Voti Lachisanu madzulo pompano. Amene simunapereke ya Okutobala, nambala ya Mpamba ndi yomwe ija.