Dzanja likumachita dzanzi usiku, adokotala akuti opareshoni. Alipo anapangidwapo?

MayiTelala:
Abale ndithandizeni maganizo. Dzanja langa lamanja lakhala likuchita dzanzi kwa nthawi ndithu, poyamba zinkangochitika usiku basi, ndimadzidzimuka pakati pa tulo zala zikunyerenyesa komanso kuotcha ndiye ndimachita kulikutumula dzanjalo kapena kulilendewetsa m'mbali mwa bedi kuti zisiye. Pano zayamba ndi masana omwe. Ntchito yanga ndi yosoka, koma singano sindikumaimva bwino m'zala, kumanga batani ndi nkhondo, kapu ikumangondipulumuka. Kuchipatala adokotala anagogoda pomwe timavala wotchi paja ndipo ndinamva kuti zii mpaka kunsonga za zala, anati ndi carpal tunnel, mtsempha wapanikizika, ndipo akuganiza zoti andipange opareshoni. Ine mantha andigwira. Ena akundiuza kuti ukalola akucheke padzanja ndiye kuti lafa limenelo. Alipo anapangidwapo? Nanga chimayambitsa ndi chani kwenikweni, ndi kusokaku kapena?

Agogo_a_Tina:
Mwanawe usaope. Ine anandipanga manja onse awiri, koma osati tsiku limodzi, ndipo ndikulemba panopa ndi manja omwewo. Sanandigoneke nkomwe, anangobaya jakisoni wochititsa dzanzi pachikhatho, ine ndili maso kumacheza ndi anesi, posakhalitsa akuti tamaliza. Tsiku lomwelo ndinabwerera kunyumba. Chomwe chinandidabwitsa nchoti kudzuka usiku kuja kunatheratu masiku oyambirira omwe, ndinagona tulo tomwe ndinali nditaiwala. Koma ndisakunamize, pachilondapo pankapweteka ndikatsamira dzanja kapena ndikamatsegula botolo, ndipo zinatenga miyezi kuti mphamvu zibwerere bwinobwino.

WaFizo:
Amayi, ndifotokozeko pang'ono mmene pamalopo palili, mwina mantha achepa. Pomwe dzanja limalumikizana ndi mkono pali kanjira kopapatiza, pansi ndi m'mbali ndi timafupa, pamwamba pali kalamba kolimba kosatamuka. M'kanjira kameneka mumadutsa tizingwe 9 tomwe timakoka zala popinda, komanso mtsempha umodzi wotchedwa median nerve. Si wamagazi ayi, ndi uja umanyamula uthenga pakati pa dzanja ndi ubongo. Ndiye chilichonse chikatupa mmenemo malo amachepa, ndipo woyamba kudandaula ndi mtsemphawo chifukwa ndi wofewa kuposa anzakewo. Zili ngati paipi ya madzi yoti wina waiponda, madzi amangodontha. Usiku zimanyanya chifukwa ambirife timagona titapinda dzanja osadziwa.

Za chomwe chimayambitsa, kusokako kukhoza kuonjezera, makamaka kugwira sizasi mwamphamvu tsiku lonse, chimodzimodzi anthu ogwira makina onjenjemera monga zoboolera ndi zodulira. Koma nthawi zambiri si ntchito yokha. Matenda a shuga, chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, nyamakazi ija yotupitsa mfundo, kunenepa kwambiri, kuthyokapo fupa pamalopo, zonsezi zimabweretsa vutoli, ndipo limagwira amayi ambiri kuposa abambo, makamaka azaka zapakati. Amayi oyembekezera nawonso limawagwira chifukwa thupi limasunga madzi, koma awowo ambiri limatha lokha akachira, sathamangira mpeni. Ndiye ngati sanakuyezeni shuga ndi chithokomiro, kapempheni akuyezeni.

Funso langa kwa inu ndi ili: ndi zala ziti zomwe zikuchita dzanzi? Median nerve imayang'anira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Kachala kakang'ono si kake. Ngati nakonso kakuchita dzanzi ndiye kuti nkhani ikhoza kukhala ina, mwina ili pachigongono kapena m'khosi. Chinanso, ikani manja onse awiri pamodzi muone mnofu uja uli patsinde pa chala chachikulu, kodi mbali yodwalayo yaphwa poyerekeza ndi inayo?

Bra_Dee:
Koma madokotala enawa amathamangira mpeni bwanji. Mlamu wanga anali ndi zomwezi, anangomupatsa chomangira dzanja cholimba chija amati splint kuti azivala pogona dzanja lisamapindike, kenako jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, pamalopo, mpaka lero ali bwinobwino. Asisi yesani kaye zimenezo, thupi si malaya oti mungosoka mukalakwitsa kkkk

Kamuzu_Si_Ine:
Ine yanga inali ya pachigongono yomwe a WaFizo akunenayo. Kachala kakang'ono ndi theka la chinzake chapafupicho ndi zomwe zinkachita dzanzi, makamaka ndikakhalitsa pa foni chigongono chili chopinda kapena ndikatsamira patebulo pa kompyuta. Mtsempha wake ndi ulnar nerve, ndi womwe uja ukagunda chigongono pakhoma umamva kuti nyee mpaka kuchala. Anandiuza kuti ndisiye kutsamira, usiku ndizikulunga thaulo pachigongono kuti ndisapinde kwambiri, koma kwa ine sizinathandize, dzanja linayamba kuonda pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka kutembenuza kiyi pachitseko kumandikanika. Anandipanga opareshoni, anaumasula mtsemphawo nkuusamutsira kutsogolo kwa chigongono kuti usamakokeke ndikapinda. Ena amangoumasula osausuntha, zimatengera mmene aupezera. Ululu unatha koma kunena zoona kachalako mpaka pano sikamva ngati kale, ndipo adokotala anandiuza poyera asanandicheke kuti cholinga chachikulu ndi kuti zisapitirire kuipa. Ya pachigongono imachedwa kuchira kusiyana ndi ya padzanja, mtunda woti mtsempha uchire ndi wautali.

MayiTelala:
Zikomo nonse. A WaFizo, ndayesa kudzitsina, kachala kakang'ono kali bwinobwino, zinazo ndiye zikumveka ngati si zanga. Ndipo zoona mnofu mukunenawo waphwa, sindinazindikire nkomwe mpaka mwanena. A Bra_Dee splint ndinavala kale kwa nthawi yaitali, poyamba inkathandiza pano ayi. Tesiti ina yamagetsi anandilembera koma ndinali ndisanapite, ndimati mwina ndi zongotaya nthawi.

WaFizo:
Ayi amayi, pitani ku tesiti imeneyo. Amati nerve conduction study, amamata timawaya pakhungu nkumatumiza timagetsi tochepa kuti aone liwiro lomwe uthenga ukudutsira mumtsempha, pena amaonjezera ina yobaya kasingano kakang'ono mumnofu. Imanyansa pang'ono koma si yoopsa. Imaonetsa pomwe pali vuto ndi kukula kwake, komanso imathandiza kusiyanitsa ndi matenda ena, chifukwa dzanzi lili ndi eni ake ambiri. La shuga kawirikawiri limayambira kumapazi onse awiri nkumakwera. Kuchepa kwa vitamini B12, mowa wambiri ndi mankhwala ena monga isoniazid wa TB zimachitanso chimodzimodzi. La m'khosi limabwera ndi ululu wotsika kuchokera paphewa. Ndipo dzanzi kapena kufooka kobwera mwadzidzidzi mbali imodzi, pakamwa kupotoka, mawu osamveka, imeneyo ndi sitiroko, kuchipatala nthawi yomweyo osadikira mayankho a pa intaneti.

A Bra_Dee simunalakwitse, kwa munthu woti zangoyamba, dzanzi likubwera nkumapita, splint ndi jakisoni ndiye poyambira, ngakhale kuti jakisoniyo kwa anthu ambiri amathandiza kwa kanthawi zinthu nkudzabwereranso. Koma nkhani ya amayiwa yadutsa pamenepo. Dzanzi losachoka usana ndi usiku kuphatikiza mnofu woti wayamba kuphwa, ndiye kuti mtsempha wayamba kuonongeka, sukungopanikizika chabe. Apa ine sindingawauze kuti adikire. Ena mwa anthu amene amati opareshoni sinawathandize ndi omwe anapita mochedwa, ndiye kenako mbiri imamveka yoti mpeni ndi umene unapha dzanja chonsecho linali litaonongeka kale.

Opareshoniyo payokha mtsempha saudula, sausokanso. Amangodula kalamba kapamwamba kaja kuti kanjirako katakasuke, basi. Ena amacheka pang'ono pachikhatho, ena amalowetsa kakamera pakabowo kakang'ono, ya kakamerayi anthu amabwerera msanga kuntchito koma pakapita nthawi zotsatira zake zimafanana. Nthawi zambiri sipitirira mphindi 30. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Kuchira kwenikweni amachita ndi mtsempha wokha, ndipo ngati unaonongeka umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, nchifukwa chake kunyerenyesa kwa usiku kumatha msanga koma kumva bwino kunsonga za zala kumatenga miyezi, ndipo mnofu wophwa uja pena subwerera wonse.

Zovuta zilipo, ndisabise. Bala likhoza kulowa majeremusi, chipsera chikhoza kumapweteka kwa nthawi, mwa apo ndi apo kalambako kamadulidwa mosamaliza ndiye zizindikiro zimatsala, ndipo kuvulala kwa mtsempha kumachitika koma mwa kamodzikamodzi kwambiri. Afunseni adokotala anuwo mafunso onsewa, komanso muwauze ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Pepani ndilowerereko ndi yanga ya mwendo poti nkhani ndi yomweyi. Mng'ono wanga anadwala nkuonda kwambiri, kenako phazi linayamba kugwa, akamayenda zala zikukhula pansi, kumachita kukweza bondo kuti asapunthwe. Tinkaganiza za sitiroko koma anapeza kuti ndi mtsempha wodutsa kunja kwa bondo, pakafupa kotuluka kaja, umene umapanikizika munthu akamakonda kusanjikiza miyendo, kunjuta nthawi yaitali kapena akamangidwa pulasitala yothina. Iyeyo sanachekedwe, anasiya kusanjikiza miyendo, anavala chogwiriziza phazi ndi kuchita mafizo, phazi linadzuka lokha. Ndiye sikuti mtsempha uliwonse wopanikizika ndi wa mpeni, koma kwa inu mayi ndikugwirizana ndi a WaFizo.

Bra_Dee:
Chabwino ndagonja, za mnofu wophwazo sindimazidziwa. Koma asisi mufunse kuti dokotalayo amapanga maopareshoni amenewa pafupipafupi kapena ayi, dzanja lodyera limenelo.

MayiTelala:
Kkkk ndifunsa ndithu. Ku tesiti ndipita sabata ino. Funso lomaliza, makina ndingadzayambe liti kupalasa? Maoda a anthu ali mbwee.

WaFizo:
Zala muziyamba kuzigwedeza tsiku lomwelo ndipo dzanja muziliika mmwamba masiku oyamba kuti lisatupe, bala lisanyowe mpaka atakuuzani. Tintchito topepuka monga kuyendetsa nsalu pamakina ambiri amayamba ulusi ukachoka. Koma sizasi, kudula nsalu zolimba, kufinya zovala ndi kunyamula zolemera, werengerani masabata 4 mpaka 6 kapena kuposa, kutengera mmene chilonda chikuchitira. Maodawo apezereni wokuthandizani kudula, eni ake muwauziretu.