Kulemekeza asilikali apamadzi amene anadutsa nyanja ya Arctic

Wofunsa: Akuluakulu, kodi dziko la Britain limawakumbukira bwanji asilikali apamadzi amene ankaperekeza sitima zonyamula zida ndi chakudya kupita ku madoko a Murmansk ndi Arkhangelsk ku Russia pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pakati pa 1941 ndi 1945?

Yankho loyamba: Mendulo ya Arctic Star inayamba kuperekedwa mu 2013, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti boma linachedwa mpaka ambiri mwa iwo atatisiya kale.

Yankho lachiwiri: Bambo, mukafika ku London mukaone sitima yankhondo ya HMS Belfast, imodzi mwa zimene zinkaperekeza sitimazo, pamtsinje wa Thames. Asilikali a m'sitima zotere ankakhalira kuswa madzi oundana pamwamba pa sitima ndi pamifuti, chifukwa madziwo akaunjikana sitima inkatha kupendekeka n'kumira.

Yankho lachitatu: Ku Loch Ewe m'dziko la Scotland, kumene sitimazo zinkasonkhana zisananyamuke, kuli mwala wokumbukira anthu pafupifupi 3,000 amene anafera panyanjapo.