Gulu la Kwathu: za mano a Bambo

Achimwene a ku Joni: Mwaswera bwanji nonse? Za mano a Bambo zija, ndalankhula ndi dokotala amene anandiika implant chaka chatha. Tisonkhe ndalama, abwere pa basi mu Ogasiti.

Mzime: Si mano omwe aja amagona m'kapu usiku?

Achimwene a ku Joni: Ayi. Amaboola fupa la nsagwada n'kumangamo kasikuluwu ka titanium, pamwamba pake n'kuikapo dzino. Silichotsedwa. Ine nzimbe ndimasenda nalo.

Achemwali aakulu: Zoti Bambo akuvutika n'zoona. Pa Khirisimasi ndinawaona akulimbana ndi nthuli ndi mano akutsogolo, kenako anaiponyera galu mobisa. Mondokwa amangoti sakufuna, koma maso ali pomwepo.

Alamu anesi: Pepani alamu, tikiti musanagule. Ndi Bambo ndinapita nawo ku kiliniki ya shuga mwezi watha, ndipo shuga wawo sanakhazikike. Mankhwala awo a shuga aja, Metformin, amamwa tsiku limene akumbukira. Shuga akakwera chilonda chimachedwa kupola, ndipo kasikuluwu kaja kamafunika kuti fupa likagwire, zomwe zimatenga miyezi 3 mpaka 6. Fupa likapanda kugwira kamagwedera, amakachotsa, ndalama zapita.

Achimwene a ku Joni: Ndiye kuti akula kwambiri?

Alamu anesi: Zaka 71 si vuto, amaika ngakhale achikulire kuposa pamenepo. Amaona shuga, nkhama ndi fupa. Ayezetse kaye HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu, osati ya pa chala ija. Nkhama zawonso zimatuluka magazi akamatsuka, mswachi ndinauona. Zimenezo zichizidwe kaye.

Malume: Mano akumbuyo aja anazula kalekale, kusanabwere matipate. Zilibe kanthu?

Alamu anesi: Zili ndi kanthu malume. Pamene pazulidwa dzino fupa limaphwa pang'onopang'ono. Pofunika X-ray kuti aone ngati latsala lokwanira. Likachepa amachita kuwonjezera, ndiye kuti ndalama zina ndi miyezi inanso. Si ulendo umodzi ayi.

Achemwali aakulu: Bambo omwe aja akhale ku Joni miyezi yonseyo? Mbuzi zawo asiyire ndani 😂

Azakhali: Poti mwayamba za mano, mdzukulu wanga uja anagwa pa kabaza n'kuthyola lakutsogolo. Ali ndi zaka 15, akukana kuseka kusukulu. Sangamuike ameneyo?

Alamu anesi: Ameneyo ndiye wachepa azakhali. Nsagwada zake zikukulabe, pomwe implant siisuntha monga amachitira mano enawo. Amadikira mpaka zaka 18 kapena kupitirira. Pakadali pano amuone dokotala wa mano, mwina muzu ulipo, apo ayi amuikira lovula lija.

Mzime: Koma nonse mukulambalala nkhani yeniyeni. Chingambwe.

Achimwene a ku Joni: Anandiuza kuti anasiya.

Mzime: Anasiya kusutira pakhonde. Pano n'kuseri kwa nkhokwe.

Alamu anesi: Fodya amachepetsa magazi ofika m'nkhama. Shuga ndi fodya pamodzi, dokotala wabwino ayamba wakana.

Achemwali aakulu: Ndiye tichite chonchi. Achimwene, tumizani pa Mukuru ya thiransipoti ndi yoyezetsera basi, zinazo sungani. Lachiwiri ndiwatenga ku Dedza tipite ku Lilongwe akaonedwe nkhama ndi kujambulidwa. Mzime, usaiwale kabuku kawo ka kuchipatala. Ngati fupa palibe, awapangire ovula aja, bola azitafuna.

Malume: Koma mwini wake mwamufunsa? Mlamu wangayo jakisoni amamuthawa.

Achemwali aakulu: Mukawafunse ndinu malume, za fodya zomwe. Ife sitingathe.

Malume: Ine? Amene ndimawagulira ku Chimbiya ndine ndemwe.

Mzime: Mayi ndawawerengera zonse. Akuti za fodya muwasiyire iwo, akudziwa pamene amabisa.