Kachitsulo ka amalonda a ku Paris aka n'kakaledi, kapena andigulitsa kosulidwa posachedwa?

Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku France, ndipo Loweruka lapitali ndinapita ku msika wa zinthu zakale, uja amangoyala katundu pansi ngati pa kaunjika. M'kabokosi ka mabatani ndi makiyi adzimbiri ndinapezamo kachitsulo kooneka ngati ndalama, koma si ndalama. Kuno amati jeton. Mbali imodzi kuli mutu wa mfumu, mbali inayo kuli Hercules, chiphona cha m'nthano zakale za Agiriki ndi Aroma, atakhala pansi, akulimbana ndi mtolo wa ndodo womwe ukukana kuthyoka. Mozungulira analemba kuti VINCIT CONCORDIA FRATRUM, ndiye kuti mgwirizano wa abale ndi umene umapambana.

Chizindikirochi chinali cha Six Corps, mabungwe 6 akuluakulu a amalonda a ku Paris: ogulitsa nsalu, ogulitsa zokometsera zakudya ndi mankhwala, ogulitsa ulusi ndi maliboni, a zikopa zaubweya, a zipewa ndi masokosi, ndi osula golide. Poyamba tizitsulo totere ankawerengetsera ndalama, kutisuntha pa thebulo la mizere ngati njere pa bawo. Pambuyo pake mabungwe anayamba kusulitsa tawo n'kumagawira amene abwera ku msonkhano. Mabungwe a amisiri anali ndi mphamvu zedi, munthu sukanangodzuka n'kutsegula shopu usanakhale zaka zambiri pansi pa mmisiri wamkulu. Nduna Turgot inawathetsa mu 1776, chaka chomwecho anabwezeretsedwa, kenako mu 1791 anatheratu.

Tsono vuto langa ndi ili. Ndinapereka ma euro 40 chifukwa wogulitsayo ananenetsa kuti ndi ka nthawi ya mafumu. Nditafika kunyumba ndinakayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndipo m'mphepete mwake ndinaonamo kanyanga kakang'ono ndi mawu akuti ARGENT. Chiyambire pamenepo mtima suli m'malo. Ndinagulira bambo anga, amene atilera ndi nyundo, kukhoma ndowa ndi mbaula ku Ndirande. Ndimafuna agwire m'manja chinthu cha anthu amene ankalemekeza ntchito ya manja, koma sindifuna kukawauza bodza. Ndikabweze? Komanso kada m'mizeremizere, nditsuke ndi chiyani?

Yankho: Achemwali, kanyangako ndi chidindo cha Monnaie de Paris, komwe amasula ndalama. Anayamba kudinda m'mphepete mu 1832, ndipo cha nyanga chinabwera mu 1880, chisanafike icho kunali cha njuchi. Kanu kanasulidwanso mabungwewo atatha kale, mwina ndi chikombole chakale. ARGENT akutanthauza siliva, ndiye chitsulocho n'chenicheni, koma ka nthawi ya mafumu sikakhala ndi chidindo chimenecho.

Yankho: Chonde musakwecheko ndi phulusa, mandimu kapena mankhwala otsukira miphika. Kudako osonkhanitsa amakukonda, mukachotsa mwagwetsa mtengo. Madzi ofunda ndi sopo pang'ono, n'kuumitsa ndi kansalu kofewa mosakhula, basi.

Mwini funso: Zikomo nonse. Loweruka ndipitanso ndi galasi langa ndikamuonetse wogulitsa uja kanyangako, mwina iyenso sankadziwa. Ndikamupempha andibwezereko ndalama ina, koma kachitsuloko ndikasunga. Bambo ndikawauza zoona, kuti chithunzi n'chakale koma kusula n'kwa pambuyo pa 1880. Alipo akudziwa kuti kobwereza kasiliva kotere kamagulidwa zingati, kuti ndisakapemphe mopyola?