Mapu a kolera ndi magirafu a chimanga: ndiyang'ane pati ndisanakhulupirire?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'magulu a WhatsApp mumayenda mapu a Malawi opakidwa mitundu, monga aja a kolera wa 2022 ndi 2023, maboma ena ofiira psuu, ena otuwa. Palinso magirafu a mtengo wa chimanga. Ndingadziwe bwanji kuti awa akusocheretsa?

Bambo Phiri:
Mayi, yambani ndi kabokosi kofotokoza mitunduyo. Kodi kufiirako ndi odwala onse m'boma, kapena odwala pa anthu 100,000 aliwonse? Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe, pamene Likoma yense sanakwane 15,000. Mapu akamangowerenga odwala, Lilongwe amafiira nthawi zonse chifukwa anthu ndi ochuluka. Werengerani nokha: gawani odwala ndi chiwerengero cha anthu, muchulukitse ndi 100,000. Tiyerekeze kuti ku Likoma kwadwala 50, ndiye kuti oposa 330 pa 100,000. Mumzinda wa Lilongwe kwadwala 500, ndi pafupifupi 50 okha. Pa mapu oipa Likoma atuwa, chonsecho ndiko kwavuta.

Onaninso mmene adulira magulu. Ngati mtundu umodzi ukuyambira 101 mpaka 5,000, boma la odwala 120 lifanana ndi la 4,900.

Anambewe:
Kuwonjezera apo, diso limakopeka ndi kukula kwa malo. Chigawo chakumpoto chimatenga gawo loposa limodzi mwa anayi a dziko, koma mu 2018 chinali ndi anthu pafupifupi 13 pa 100 aliwonse. Mbali yaikulu ya Rumphi inatengedwa ndi malo osungirako nyama zakutchire a Nyika ndi Vwaza, kosakhala anthu, koma utoto umapakidwa ponseponse.

Nachisale:
Zikomo. Nanga za chimangazi?

Achimwene Banda:
Onani mzere wa manambala kumanzere. Girafu ya mipiringidzo iyenera kuyambira pa 0. Mwachitsanzo, thumba la 50kg lachoka pa K40,000 kufika pa K44,000, kukwera ndi 10 pa 100. Mzerewo ukayambira pa K38,000, mpiringidzo wachiwiri utalika katatu kuposa woyamba, anthu n'kumati mtengo wakwera katatu.

Kenako miyezi. Chimanga chimadula mu February, chimatsika pokolola mu May. Woyerekeza miyezi iwiriyi akhoza kuonetsa chilichonse chimene akufuna. February ayerekezedwe ndi February mnzake. Ndipo girafu ikadutsa November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, funsani ngati anaganizirapo za kuchepa mphamvu kwa ndalama.

Bambo Phiri:
Pansi pa chithunzi payenera kukhala tsiku ndi kumene manambala achokera, kaya NSO (ofesi ya boma yochita kalembera) ya ku Zomba kapena Unduna wa Zaumoyo. Ngati mbali imeneyo yadulidwa, musatumize mpaka mutapeza chithunzi chonse.