Ndisinthe purosesa yokha kapena ndigwetse zonse? 5700X, 14600K ndi 7700 zandizunguza mutu

Chala_Chimodzi:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kompyuta yanga ya patebulo ili ndi purosesa ya Ryzen 5 2600 pa motherboard (bolodi) ya B450, RAM ya DDR4 yokwana 32 GB ndi khadi la zithunzi la RTX 3060. Ndimadyera kukonza makanema pa Premiere Pro, ndipo madzulo ndikatopa ndimaseweranso magemu pang'ono. Zonse zinkayenda bwinobwino mpaka pomwe ndinagula kamera yojambula 4K mu HEVC ya 10-bit 4:2:2, mtundu wa fayilo ya kanema wolemetsa kompyuta poumasula. Tsopano ndikangoika kanema pa timeline n'kudina play, chithunzi chimachita kudumphadumpha, mawu ali kutsogolo, milomo ya munthu ikubwera pambuyo. Ndikatsegula Task Manager ndimapeza ma core onse 6 ali pa 100%, fani ikulira, koma khadi la zithunzi lili phee ngati nkhaniyi siyikulikhudza.

Maso anga ali pa zitatu. Ryzen 7 5700X, yomwe akuti ingalowe pa bolodi yanga yomweyi. Core i5-14600K, yomwe ikufuna bolodi ina. Kapena Ryzen 7 7700, yomwe ikufuna bolodi ina ndi RAM ina, kutanthauza kuti ndiyambe pachiyambi. Ndalama ilipo koma si yotaya. Chinanso, makinawa amayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo chipinda chomwe ndimagwiriramo ntchito n'chaching'ono, ndiye sindikufuna chinthu chodya magetsi n'kumandiwotcha miyendo. Pa mabokosi ndikuona 65W, 125W ndi 65W. Ndiye kuti ya Intel imadya kawiri kuposa zinzakezo?

Gogo_wa_AM4:

Achimwene, musagwetse nyumba chifukwa khomo lathyoka. Gulani 5700X, muikepo, nkhani yatha. Soketi ya AM4, pomwe pamakhala purosesa pa bolodi yanuyo, yanyamula ma Ryzen kuyambira 2017, ndipo ma bolodi a B450 amalandira ma Ryzen 5000 monga 5700X mukangokweza BIOS, kapulogalamu ka mkati mwa bolodi. Koma mukweze BIOS-yo 2600 ikadali pamalo pake, chifukwa mukayamba mwachotsa yakaleyo bolodi ikhoza kukana kuyaka ndi yatsopanoyo, n'kukusiyani mukuyang'ana sikirini yakuda.

Mukuchoka pa ma core 6 a Zen+ a 2018 kupita pa ma core 8 a Zen 3, ndipo core iliyonse payokha ndi yachangu kwambiri kuposa yanuyo. Zimenezo mudzazimva paliponse, ngakhale potsegula pulogalamu. RAM simugula, bolodi simugula, Windows simuyambanso kuika. Chokha n'chakuti 5700X sibwera ndi cooler (choziziritsira) m'bokosi, ndipo kaja kanabwera ndi 2600 n'kakang'ono, kadzakusokosani. Onjezerani ka cooler kooneka bwino.

Mukanakhala munthu wa magemu okhaokha ndikanati 5700X3D, chifukwa cha cache yake, memore yachangu ya mkati mwa purosesa, ya 96 MB. Koma cache imeneyo pokonza makanema siyikupatsani zambiri, ndipo liwiro lake n'lotsikirapo kuyerekeza ndi 5700X. Musalipire chomwe simudya.

Nabanda_4K:

Gogo, malangizo anuwo ndi abwino kwa anthu ambiri, koma funso simunaliwerenge mpaka pansi. Achimwenewa anena kuti HEVC ya 10-bit 4:2:2, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Khadi lanu likukhala phee chifukwa mbali yake yomasulira makanema siyidziwa 4:2:2. Makadi a NVIDIA a RTX 30 ndi RTX 40 amamasula HEVC ya 4:2:0 mosavuta, koma 4:2:2 anayamba kuyimasula ndi a RTX 50. Ndiye Premiere ikaona kuti khadi lakana, imasenzetsa ntchito yonse purosesa, ndipo ma core amayamba kumasula chithunzi chimodzichimodzi ndi mphamvu zawo zokha. Mukaika 5700X zidzapepukako, inde, koma idzakhala ikugwirabe ntchito yomweyo mwa njira yomweyo yovuta. Mukadzaunjika makanema awiri kapena atatu pa timeline, n'kuthirapo mitundu, kudumpha kuja mudzakuonanso. Ngakhale 7700 nkhani ndi yomweyo, chifukwa kagawo ka zithunzi ka mkati mwake nakonso sikamasula mtundu umenewu.

Ma purosesa a Intel monga 14600K, okhala ndi zithunzi za mkati, ali ndi kagawo kotchedwa Quick Sync, komwe kamamasula HEVC ya 10-bit 4:2:2 pakokha, ma core akupuma. Ine ndimagwira ntchito ndi mafayilo a mtundu womwewu, ndipo chomwe ndimaona mu Task Manager n'chakuti kabokosi ka Video Decode ka Intel ndi komwe kamadzaza, purosesa ili pansi, fani osamveka n'komwe. Kukoka kanema uku ndi uku ndi mbewa kumayenda ngati madzi.

Samalani zinthu ziwiri. Musagule yokhala ndi chilembo F kumapeto, monga 14600KF, chifukwa F akutanthauza kuti zithunzi za mkati mulibe, ndiye Quick Sync mulibenso. Anthu ambiri amakopeka nazo poti mtengo wake n'ngotsikirapo pang'ono. Chachiwiri, ma bolodi ena amazimitsa okha zithunzi za mkati akaona kuti mwaika khadi, ndiye mudzalowe mu BIOS n'kuziyatsa.

Za RAM musade nkhawa. Soketi ya LGA1700, yomwe 14600K imalowapo, ili ndi ma bolodi a DDR4 ndi a DDR5. Sankhani B760 ya DDR4, 32 GB yanuyo isamukire komweko.

Chala_Chimodzi:

Mayi Nabanda, mwanditsegula maso, ndimangoyesa kuti purosesa yakalamba basi. Koma nanga zija zinamveka kuti ma Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 akufa okha? Komanso za magetsi palibe wandiyankha.

Mita_Yamagetsi:

Za magetsi ndiyankhe ine, poti ndi matenda anga. Ndili ndi kamita komwe ndimalumikiza pakati pa khoma ndi kompyuta, ndipo kanandiphunzitsa kusakhulupirira manambala a pa bokosi.

Nambala ija ya pa bokosi, yotchedwa TDP, si chakudya chenicheni cha purosesa. Ndi muyeso wothandiza posankha cooler, ndipo makampani awiriwa saiwerengera mofanana. Kwa AMD, malire enieni amatchedwa PPT, ndipo kawirikawiri amakhala TDP kuchulukitsa ndi 1.35. Ndiye 7700 yolembedwa 65W ija imafika 88W ikapanikizidwa (5700X imalekezera pa 76W), za 105W zimafika 142W. Intel imalemba manambala awiri: 14600K ili ndi 125W yoyambira ndi 181W ikathamanga mwamphamvu. Choncho pomwe ma core onse akugwira ntchito, inde, 14600K ikhoza kudya kuposa kawiri poyerekeza ndi 7700. Kutentha konseko kumathera m'chipinda chanu, palibe kwina kopita.

Koma bilu siyiwerenga mawati, imawerenga mawati kuchulukitsa ndi nthawi. Ndingopeka manambala kuti mumvetse: purosesa yodya 180W ikamaliza ntchito m'mphindi 10 yadya 30 Wh, pomwe yodya 88W ikatenga mphindi 25 yadya pafupifupi 37 Wh. Yooneka yadyera ija ndiyo yasunga magetsi. Sindikunena kuti ndi mmene zilili ndi ziwiri zanuzo ayi, pa ntchito ya ma core okhaokha ngati Blender kapena Cinebench, 7700 ndi yosamala magetsi kwambiri ndipo ine ndimayikonda. Ndikungoti muziyang'ana magetsi othera pa ntchito imodzi, osati nambala yapamwamba yokha.

Ndipo kwa inu pali kanthu kena. Tsiku lanu lonse simukhala mukutulutsa kanema. Nthawi yambiri mukudula, kuonera, kubwerera m'mbuyo, kuoneranso. Pa Ryzen nthawi yonseyo ma core adzakhala akuvutika ndi 4:2:2 ija, pomwe pa Intel ntchitoyo ikugwiridwa ndi kagawo kakang'ono kodya mawati ochepa. Ngakhale kompyuta ikangokhala osachita kanthu, ma Ryzen opangidwa ndi ma chiplet (zigawo zingapo zolumikizidwa) amakonda kudya mochulukirapo kuposa ma Intel a LGA1700, chifukwa cha kachipu kolumikiza zigawozo komwe sikagona. Kusiyana kwa 20W kokha kwa maola 10 patsiku ndi 6 kWh pamwezi.

Ngati 181W ikukuopsani, itsitseni mu BIOS. Mawati omalizira aja amagula liwiro lochepa kwambiri, ndiye mukachepetsa malire simutaya zambiri. Kapena yang'anani i5-14500: ma core 14 omwewo, 6 amphamvu ndi 8 osunga magetsi, zithunzi za UHD 770 zomwezo, malire ake 154W, ndipo ya m'bokosi imabwera ndi cooler.

Nabanda_4K:

Za kufa kuja zinachitikadi. Intel inavomereza mu 2024 kuti ma purosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira voliteji yochuluka n'kumafooka pang'onopang'ono. Inatulutsa microcode (malangizo a mkati mwa purosesa) ya 0x129 kenako 0x12B kudzera mu BIOS, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Madandaulo ambiri anali pa i9 ndi i7, koma 14600K nayo ili pa mndandanda. Mukagula yatsopano, kwezani BIOS tsiku loyamba. Yogwiritsidwapo kale ine sindingayiyandikire, chifukwa microcode siyichiritsa yomwe inawonongeka kale. Ma i5 opanda K, monga 14500 yomwe atchula a Mita, Intel inati vutoli silikuwakhudza.

Gogo_wa_AM4:

Pa 4:2:2 ndagonja, koma musaiwale kuti LGA1700 inathera pa m'badwo wa 14. Ma Core Ultra 200S a 2024 anasamukira pa LGA1851. Mukugula bolodi yatsopano yopanda tsogolo, pomwe AM5, soketi ya 7700, AMD inalonjeza kuyisamala mpaka 2027 kapena kupitirira. Ndipo njira yaulere ilipo: pangani ma proxy. Premiere imakupangirani timafayilo topepuka todulira, ndipo 5700X siyingamve n'komwe kulemera.

Chala_Chimodzi:

Gogo, ma proxy ndi omwe ndikukhalira pano, ndipo ndi omwe anditopetsa. Kasitomala akufuna kanema mawa, ine ndikudikira makina amalize kupanga timafayilo, disiki ikudzaza ndi zinthu zomwe ndidzafufuta. Za tsogolo la soketi sizikundisowetsa tulo, bolodi yomwe ndili nayoyi ikadali ndi purosesa yomwe inabwera nayo.

Ndikuwerengera mtengo wa zonse pamodzi, 5700X ndi cooler ndiyo yotchipa, 14500 ndi B760 ya DDR4 ili pakati, 7700 ndi bolodi ndi DDR5 ili pamwamba koma vuto langa siyikulikhudza. Ndikutsamira ku 14500. A Mita, PSU yanga, bokosi lopereka magetsi, ndi ya 550W, ndipo RTX 3060 akuti imadya 170W. Ikwanira, kapena nayonso ndiyiike pa mndandanda?

Mita_Yamagetsi:

154 kuphatikiza 170 ndi 324, ikani 60 ya bolodi, RAM, ma disiki ndi mafani, simunafikebe 400. Ikwanira ngati ndi ya kampani yodalirika ndipo siyinakalambe kwambiri. Mungoonetsetsa kuti chingwe cha 8-pin cha purosesa chilipo ndipo chikufika pamwamba pa bolodi yatsopanoyo musanayambe kumasula zakale.