Kodi ndingapite naye mphaka wanga kukagona m'tenti ku Senga Bay?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndabwera ndi vuto la mphaka wanga, mwina wina mwa inu anakumanapo nalo.

Mu Okutobala muno ine ndi banja langa tikupita ku Senga Bay ku Salima, tikagona masiku atatu m'tenti m'mbali mwa nyanja. Tichokera ku Lilongwe pa galimoto, ulendo wa pafupifupi maola awiri. Mphakayu ndi wamkazi, wa zaka ziwiri, amakhala m'nyumba basi, ndipo katemera wa chiwewe analandira.

Chaka chatha tinamusiya kwa aneba, koma anakana kudya masiku onsewo, tinamupeza atawonda moti ana anga analira. Achibale onse ndawapempha, palibe amene akufuna kugona kunyumba kwathu. Ndinamugulira kalamba kovala pachifuwa komanso chingwe, ndipo kwa milungu itatu ndakhala ndikumuzoloweza pabwalo, koma akangomva galu akuuwa amadzipotokola n'kuvula. M'bokosi lake loyendera amalira njira yonse, tsiku lina anasanza tisanafike n'komwe ku Area 25.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha kwa kunyanja nthawi imeneyi, chifukwa masana m'tenti simukhalika. Kulinso anyani ndi agalu oyendayenda.

Ndiye ndifunse, alipo amene anapitapo ndi mphaka ku ulendo wotere? Masana munkamusunga pati kuti asapse ndi dzuwa komanso asathawe? Mchenga wa kunyanja angagwiritse ntchito pochita chimbudzi, kapena ndinyamule wa kunyumba umene anauzolowera? Nanga nkhupakupa ndi utitiri munamuteteza bwanji? Chonde ndithandizeni, masiku atsala ochepa.